Funsani maso a mwini foni musanasinthe mitundu

Pa Sondo yatha, titatuluka m'chalichi kuno ku Chiparamba, azimai a kwaya anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti aphunzile nyimbo yokaimba pa ukwati. Nyimboyo inali m'foni ya amai amene amatsogolela kwayayo, munthu wamkulu amene anayamba kuimba m'chalichi muno ena a ife tisanabadwe. Anatulutsa foni m'cikwama, naiyang'ana, naitalikitsa, naibwezanso pafupi ndi mphuno, kenako naibisa pansi pa citenje kuti apeze mthunzi. Ife tinangodikila. Pa sikilini panali mdima wa bii, maina a nyimbo atalembedwa ndi tizilembo tating'ono tabuluu, ndipo pakati panali cimpila cozungulila, cikusintha mitundu ngati malaiti a m'bala. Atadina pamene anaganiza kuti ndi poyambila nyimbo, panatseguka cilengezo ca kubecha mpila. Atadinanso, foni inayamba kukoka cinthu cina pa intaneti. Pothela pake anaitana kamdzukulu kao n'kukapatsa foniyo, nati: "Ana inu, nyimbo zanga zilimo m'menemu, koma khomo lake sindikuliona."

Titafunsa, tinamva kuti pa Cisanu anapita ku Chipata, napeleka foni kwa mnyamata wina wa pa kathebulo kuti awaikile nyimbo za kwaya pa memori. Mnyamatayo anaika nyimbo, n'zoona. Koma anaonjezelapo cimene sanapemphedwe. Anabisa player yakale imene amaiwo anaizolowela zaka zitatu, naika ina ya mitundumitundu, nati, "Manje foni yanu yaoneka bwino, mami." Analipilitsanso kandalama kapadela pa nchito imeneyo.

Tikulemba izi tili okwiya, ndipo tinene mosabisa amene takwiyila. Ndinu anyamata oika nyimbo m'misika, ku Kapata, ku Saturday Market ndi pa matebulo a m'mbali mwa mseu. Ndinunso ana athu amene mukabwela pa chuthi mumalanda foni ya atate kapena ya ambuya, n'kuisintha yonse usiku umodzi, m'mawa mwake n'kukwela basi. Mlandu wanu ndi umodzi. Mumasankha maonekedwe a foni ya munthu wina ndi maso anu a zaka 20, pamene mwini wake adzaigwilitsa nchito ndi maso a zaka 60, padzuwa, ali ndi dothi la kudimba m'manja.

Musaganize kuti timadana ndi zokongoletsa. Ife a kum'mawa ndife eni ake. Chipata ndi tauni ya njinga kuyambila kale, mpaka kunali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle. Yang'anani njinga za anyamata onyamula anthu: khushoni yamaluwa kumbuyo, magalasi awili kutsogolo, belu, timbendela, ndi mau olembedwa pa madigadi. Yang'anani mmene azimai amazilila nyumba mvula ikatha, dothi lofiila m'munsi, loyela m'mwamba, lakuda kuzungulila khomo. Munthu amafuna kuti cake cidziwike kuti n'cake. Koma sitinaonepo mnyamata amene pokongoletsa njinga anasamutsa mabuleki n'kuwaika pansi pa cishalo, ndipo sitinaonepo mai amene pozila nyumba anamata citseko. Wokongoletsa aliyense wanzelu amadziwa zimene siziyenela kukhudzidwa. Inu mukafika pa foni nzelu imeneyi mumaiiwala.

Nkhani ya kuveka player covala, cimene mumacha skin kapena theme, sinayambe ndi inu. Mu 1997 mnyamata wa ku America, Justin Frankel, anatulutsa Winamp, pulogilamu yolizila nyimbo za MP3 pa kompyuta. Posakhalitsa anthu anayamba kuijambulila zovala zao, wina ca timu yake ya mpila, wina ca woimba amene amamukonda, wina cooneka ngati wailesi ya m'motoka. Zinaculuka kwambili, moti mu 2020 katswili wina, Jordan Eldredge, atatsegula malo ozisungila pa intaneti, panali zovala zoposa 65,000. Koma pali cinthu cimodzi cimene ambili saciona pa zovala za Winamp yakale ija. Kawindo kake kanali ka saizi imodzi, madontho 275 m'lifupi ndi 116 m'litali, ndipo wojambula covala anali kusintha zithunzi ndi mitundu cabe. Batani loyambila nyimbo, loimitsa ndi lolumphila kutsogolo anali kukhala pamalo pao pomwepo. Munthu akasintha covala kakhumi pa tsiku, cala cake cinali kudziwabe kolowela.

Mu 2002 eni ake anatulutsa Winamp3, imene inalola kuti covala cikhale ca maonekedwe alionse ndipo mabatani aikidwe paliponse. Inali yolemela, yocedwa pa makompyuta a nthawi imeneyo, ndipo anthu ambili anabwelela ku Winamp 2. Kumapeto kwa 2003 kampaniyo inatulutsa Winamp 5, imene inabwezeletsa zovala zakale zija pambali pa zatsopano. Anthu a makompyuta a ndalama zambili anakana kuti kukongola kuwasokonezele mabatani. Nanga ambuya a ku Chiparamba, a foni imodzi yogulidwa ndi ndalama za nshawa, avomele cifukwa ciani?

Mudzati kukongola kuli m'maso mwa munthu, palibe angaweluze. Pa citenje n'zoona. Pa zilembo si zoona, cifukwa kuoneka kwa zilembo kumapimidwa. Bungwe la W3C, limene limakonza malamulo a masamba a pa intaneti, linatulutsa mu 2008 malangizo ochedwa WCAG 2.0. Malangizowo amapima kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo ndi pamene zalembedwa. Zilembo zakuda pa coyela zimapeza 21, ndiye pamwamba penipeni. Zilembo za mtundu umodzi ndi pamene zalembedwa zimapeza 1, kutanthauza kuti sizioneka n'komwe. Kuti zilembo wamba ziwelengeke bwino, malangizowo amati zisacepele 4.5. Tsopano buluu weniweni pa cakuda, monga zinalili m'foni ya amai a kwaya, amapeza 2.4 cabe. Cikasu pa coyela sicifika ngakhale 1.1. Cikasu comweco pa cakuda cimapitilila 19. Ndiye kuti mnyamata uja akanatha kusunga mdima umene amaukonda, n'kungosankha zilembo zacikasu kapena zoyela, amaiwo akanawelenga. Sanaganizeko, cifukwa maso ake amaona ngakhale nyelele yakuda usiku.

Ndipo manambala amenewa ndi a m'nyumba. Ife mafoni timawagwilitsa nchito panja, pa cigayo, pa mjigo, kumunda, pa maliro a masana mwezi wa Okutobala. Dzuwa likaomba pa galasi la foni, sikilini yakuda imasanduka kalilole, munthu amangoona nkhope yake ndi masamba a mtengo. Padzuwa cimene cimathandiza ndi sikilini yoyela, zilembo zakuda, ndi kuwala kokwezedwa. Onjezelani pamenepo kuti munthu akapitilila zaka 40, diso limayamba kulephela kuona zapafupi. Si matenda acilendo, ndi ukulu, ndipo inunso ukudikilani. Enanso mwa makolo athu ali ndi ng'ala, ena shuga inawaononga maso, ndipo pali azibambo amene cibadwile sasiyanitsa bwino cofiila ndi cobiliwila. Munthu wotele mukamuikila batani lofiila la kufafaniza pafupi ndi lobiliwila la kuliza, mwamuchela msampha.

Zala nazo zili ndi muyezo wake. Malangizo a Google kwa opanga mapulogilamu a Android amati malo odinapo asacepele 48dp, cimene ndi pafupifupi mamilimita 9. Ma player a zithunzi zovina amacepetsa mabatani kuti cimpila cozungulila cipeze malo, ndipo pansi pake penipeni amaikapo cilengezo. Cala ca mlimi, cokhakhala ndi khasu, cikaphonya pang'ono cagwela pa cilengezo. Musatiuze kuti zimenezi zimangocitika mwangozi. Wopanga pulogilamu yotele amalandila ndalama anthu akaona kapena kudina zilengezo, ndipo amene amalipila ndi mwini bundle.

Pali mabodza awili amene timamva pa matebulo anu, ndipo tiwachule. Loyamba ndi lakuti theme yakuda imasunga batili. Pa mafoni a sikilini ya OLED kapena AMOLED n'zoona, cifukwa kadontho kalikonse kamadziwalitsa kokha ndipo kakakhala kakuda kamazima. Koma mafoni ochipa ambili amene tili nao kumudzi ali ndi sikilini ya LCD. Kumbuyo kwa LCD kuli nyali imene imayaka nthawi yonse sikilini ikakhala yotseguka, kaya cithunzi n'cakuda kaya n'coyela. Pa foni yotele mdima susunga kanthu kooneka. Cimene cimadya batili ndi zithunzi zovina zija, ndi zilengezo zimene foni imazikoka pa intaneti mosalekeza. Tonse tikukumbukila 2024, madzi atacepa ku Kariba, malaiti akumapita maola ambili tsiku lililonse, ngakhale a m'tauni akumayenda ndi chaja m'thumba. Kuno ambili timachajila pa sola kapena timalipila pa golosale. Batili kwa ife ndi ndalama, ndipo inu mukuigwilitsa nchito kuvinitsa cimpila.

Bodza laciwili ndi lakuti player yokongola imamveketsa nyimbo bwino. Covala sicikhudza mau. Cimene cimasintha kamvekedwe ndi fayilo ya nyimboyo, sipika ya foni, ndi equalizer, imene imakweza kapena kutsitsa mau aakulu ndi aang'ono. Nyimbo imene yadutsa m'mafoni khumi ndi kufinyidwa kangapo idzamveka ngati yoimbila m'cigubu, ngakhale player itavala golide. Timizele todumphadumpha pa sikilini timangotsatila mau, sitiwakonza.

Koma cimene catiopsa koposa ndi ici. Titatenga foni ya amai aja n'kuyang'ana zilolezo zimene player yatsopanoyo inapatsidwa, tinapeza kuti inaloledwa kuona manambala a anthu onse a m'foni, kudziwa malo amene foni ili, ndi kuwelenga mauthenga. Pulogilamu yolizila nyimbo ifunika cilolezo cimodzi cacikulu, coona mafayilo a nyimbo ndi mavidiyo. Mauthenga ikuwafunilanji? M'foni yomweyo ndi mmene mumabwela mauthenga a mobile money, ndalama zimene ana amatumiza kucokela ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndi mauthenga a feteleza wa FISP. Mnyamatayo sanaitenge ku Play Store. Anaikoka m'foni yake, ndipo iyenso anailandila kwa mnzake, moti palibe amene angatiuze kumene inacokela. Pamene inafunsa zilolezo, anangodina kuvomela, kuvomela, kuvomela, m'malo mwa mwini foni amene anali ataimilila pomwepo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Sitikunena kuti player iliyonse ya mitundu ndi yakuba. Tikunena kuti simudziwa, ndipo foni imene mukuyesela mwai si yanu. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, ndipo mtima wa lamulolo ndi wakuti mwini wake ndiye avomeleze. Inu mukuvomela m'malo mwake ngati ndinu ankhoswe.

Tsopano titembenukile kwa inu makolo anzathu, cifukwa nanunso muli ndi mbali. Ena mwa inu mukamva izi mudzati, "Tinanena ife, foni isamakhudzidwe, izikhala mmene inacokela kusitolo." Ai. Mmene inacokela kusitolo namonso muli zosankha za munthu, wacinyamata wokhala mu ofesi yozizila kutali ndi kuno, amene sanaimepo pa mjigo masana. Iyenso amakonda tizilembo totuwa, toonda, pa coyela. Mau a pa menyu ali m'Cingelezi, ndipo amene sanapite patali ndi sukulu amadalila zizindikilo ndi malo ake. Kusintha maonekedwe ndiye njila yokhayo imene foni yopangidwila dziko lonse ingakhalile foni ya ambuya akuno. Mphamvu imeneyi ndi yabwino. Cimene tikukana ndi kuigwilitsa nchito podzionetsela.

Ife a kuno sitiyenela kuphunzitsidwa zimenezi ndi alendo. Sukulu yoyamba ya akhungu m'dziko lino inayambila kwathu konkuno, pa mishoni ya Magwero kufupi ndi Chipata, mu 1905. Zaka zoposa 100 zapitazo anthu anazindikila kale kuti colembedwa ciyenela kusinthidwa kuti cifike kwa woŵelenga monga alili. Lelo zida zocitila zimenezo zili m'thumba mwa aliyense, zaulele. M'foni ya Android, pa Settings, pali posinthila kukula kwa zilembo. Pa Accessibility pali pokulitsila sikilini, pali poonjezela kuoneka kwa zilembo, ndipo pali TalkBack imene imawelengela munthu wosaona zimene zili pa sikilini. Kuyambila pa Android 10, ya mu 2019, foni yonse itha kuikidwa pa mdima kapena pa kuwala ndi batani limodzi, moti masana ikhale yoyela, usiku ikhale yakuda kuti isathobwe m'maso. Ndi angati mwa inu anyamata amene munatsegulapo malo amenewa m'foni ya kasitomala?

Ngati player imene inabwela ndi foni siikwanila, ilipo ina yodziwika kumene inacokela. VLC, ija ya cizindikilo ca kachingo ka pa mseu, koyela ndi kofiilila, inayamba mu 1996 ngati nchito ya ana a sukulu ya École Centrale Paris ku France, ndipo kuyambila mu 2001 aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuigawa ndi kuona mmene inalembedwela. Imayang'anilidwa ndi bungwe la VideoLAN, losacita malonda, ndipo ilibe zilengezo. Pa foni ili ndi maonekedwe a kuwala ndi a mdima. Pa mafilimu mutha kukulitsa mau olembedwa m'munsi ndi kusintha mtundu wake. Pa kompyuta ya Windows, inu okonda zovala, pitani pa Tools, Preferences, Interface, musankhe kugwilitsa nchito skin, muloze fayilo yothela ndi .vlt, mutseke ndi kutsegulanso. Ivekeni mmene mufunila, kompyuta ya pa thebulo panu ndi yanu. Sitikulipidwa ndi a VLC, ndipo sitikuti ndiyo yokha yabwino. Taichula kuti mudziwe kuti kusintha maonekedwe sikufuna kugulitsa manambala a ambuya.

Tikudziwa cimene mudzayankha: "Makasitomala afuna vooneka bwino, nikakana ayenda pa thebulo ina." Amene akufuna, mupatseni. Mtsikana wa giledi 11 akabwela nati akufuna player ya pinki yokhala ndi nkhope ya woimba wake, muikileni, maso ndi ake, bola icoke kodalilika ndipo isapatsidwe zilolezo zosafunika. Ife tikukamba za amene sanapemphe. Ndipo ngakhale pa malonda penipeni mukudzipweteka. Amai a kwaya aja ali ndi anzao oposa 20, ndipo onse anamva pa Sondo ija kuti foni inaonongekela pa thebulo liti. Mnyamata amene adzadziwika kuti amakonza foni mpaka munthu wamkulu aziwelenga yekha, adzatopa ndi makasitomala a m'midzi yonse ya kuno.

Zimene tikupempha n'zocepa. Munthu akabwela kudzaika nyimbo, ikani nyimbo. Mukaona kuti pali cofunika kusintha, funsani, ndipo mufunse mwaulemu: "Amai, zilembo izi mukuziona bwino?" Mukasintha, tulukani naye panja pa kashedi, padzuwa, mumupatse foni m'manja. Apeze yekha nyimbo imene akufuna, ayambitse, aimitse, abwezele kumbuyo, inu manja ali kumbuyo. Akalephela, nchito sinathe, ngakhale sikilini ikongole motani. Player imene anaizolowela musaibise. Pulogilamu ikafunsa cilolezo, muwelengeleni mwini foni m'Cinyanja, ayankhe yekha. Inu ana a pa chuthi, musanakwele basi, khalani ndi ambuya tsiku lathunthu muone ngati zimene mwasintha akuzitha. Ndipo inu makolo, musacite manyazi kunena kuti simukuona. Safunsa anadya phula. Foni munagula ndinu, ndipo muli ndi ufulu wouza mnyamata kuti, "Mwanawe, bwezela mmene zinalili."

Foni ya amai a kwaya tinaikonza pansi pa mango pomwepo. Tinacotsa player ya cimpila, tinabweza yakale pa sikilini yoyamba pamene inali kukhala, tinakulitsa zilembo ndi kuika zakuda pa coyela. Sizinatenge mphindi 10. Bundle imene anagula pa Cisanu inali itatha kale, ndipo imeneyo palibe anawabwezela. Anatenga foni, naiyang'ana kamodzi, nadina okha, nyimbo inayamba. Anakweza dzanja kupatsa azimai a soprano cizindikilo, ndipo kamdzukulu kaja kanabwelela kokasewela.